Botolo limodzi la amonke ndi mbiya za ku Mulanje

Lidali tsiku la chiperoni, phiri litafunda mitambo kuyambira m'mawa, pamene amuna anayi adakhala pakhonde la nyumba ina kumtunda kwa Boma la Mulanje atazungulira botolo limodzi. Limodzi lokha, la theka la lita. Adabwera nalo ndi mnyamata amene akuchita maphunziro ku Regensburg m'dziko la Germany. Adalikulunga m'juzi n'kuliika pakati pa zovala kuti lifike losasweka kwa atsibweni ake. Pabotolopo padalembedwa kuti Weltenburger Kloster Barock Dunkel, mowa wakuda wa amonke a ku Weltenburg.

Atsibweniwo adakalambira pa ntchito yolawa tiyi pa esiteti ina ya m'bomali, ndipo sadalole kuti munthu aike mlomo pabotolo. Adaitanitsa matambula anayi, adawatsuka okha ndi madzi ozizira, nathira mowawo atapendeketsa tambula. Thovu lidakwera zala ziwiri, loyera moderako ngati mkaka umene mwagwera dontho la tiyi. Atakweza tambulayo kuloza kumene kudali kuwala, mowa umene unkaoneka wakuda bii m'botolo udasanduka wofiirira ngati thabwa la mbawa lopala kumene. Adanunkhiza kawiri. Adamwako pang'ono, nausunga m'kamwa, maso ali pansi. Pamene iwo ankameza koyamba, anzawo aja adali atafika kale pakati pa tambula.

"Mphwanga, umu muli nkhoko za nsima," adatero. "Muli chimanga chokazinga, ndi kauchi kakumveka patali. Kuwawa kukubwera pomaliza, ndipo sikuchedwa kuchoka."

Mnyamata uja adafunsa kuti, "Nanga atsibweni, pa khumi mungaupatse angati?" Iwo adati asanu ndi atatu. Awiri otsalawo adachotsa chifukwa cha ulendo, poti mowawo udatopa m'njira ndipo fungo lake lidali litayamba kuthawa. Kenaka adaloza nyumba yoyandikana nayo, kumene mlongo wawo, mayi a mnyamatayo, adafulula mowa wamasese zaka zambirimbiri kuti ana aphunzire. "Nanga amayi akowa adapatsidwapo angati? Ndani adalembapo dzina lawo?"

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa pabwalo. Ku Mulanje kuli anthu amene lilime lawo ndilo khasu lawo, kuli madzi abwino otsika m'phiri, ndipo kuli amayi odziwa chimera kuyambira utsikana wawo. Chimene kulibe ndi mwambo wolawa mowa wa m'mudzi moweruza, kulemba zimene zapezeka, kuuyeza, ndi kutchula dzina la amene wafulula bwino. Kusowa kwa mwambo umenewu kwaika amayi aluso m'thumba limodzi ndi ogulitsa poizoni, ndipo womwa alibe chomuteteza. Khonsolo ya Mulanje, mafumu ndi masukulu aukachenjede angathe kukonza zimenezi osadikira thandizo lochokera kunja.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho ndi bwino kuyamba taona kumene botolo lija lidachokera. Nyumba ya amonke ya Weltenburg ili pamene mtsinje wa Danube umakhota pakati pa matanthwe aatali, pafupi ndi tauni ya Kelheim m'chigawo cha Bavaria. Amonkewo ndi a chipani cha Benedikito Woyera, ndipo ntchito yawo yofulula mowa amaiwerenga kuchokera mu 1050. Mu 1803 boma lidatseka nyumbayi pamodzi ndi zina zambiri za amonke, koma mu 1842 Mfumu Ludwig I idaitsegulanso. Barock Dunkel uli ndi mphamvu ya 4.7 peresenti. Kulinso mkulu wake wotchedwa Asam Bock, wa 6.9 peresenti, umene udatenga dzina la abale awiri a banja la Asam amene adamanga ndi kukongoletsa tchalitchi cha pamalopo.

Kuda kwa mowawu kumachokera ku chimera basi. Amaviika balere m'madzi, amamusiya kuti amere, kenaka amamuumitsa ndi mpweya wotentha. Akaumitsa ndi kutentha pang'ono, mowa umatuluka woyera ngati umene anthu adauzolowera m'mabala. Akaonjezera kutentha, chimera chimapsa mofiirira, ndipo m'menemo ndimo mumachokera fungo la nkhoko limene atsibweni aja adalimva. Mayi aliyense wofulula ku Mathambi kapena ku Nkando atalowa m'chipinda choumitsiramo chimeracho sangafunse kuti akupanga chiyani, chifukwa ndi ntchito yomweyo imene iye amachita ndi mawere kapena mapira pamphasa. Kusiyana kuli pa zinthu ziwiri: Ajeremani amathira maluwa a chomera chotchedwa hops, amene amabweretsa kuwawa ndi kusunga mowa kuti usaonongeke msanga, ndiponso amausiya m'malo ozizira kwa masabata angapo kuti upse mosathamanga.

Ulemu umene mowa wa ku Bavaria uli nawo lero sudagwe kumwamba. Kale nakonso kudali ofulula achinyengo, othira zitsamba zozunguza mutu kuti womwa agwe msanga. Pa 23 Epulo 1516, mumzinda wa Ingolstadt, wolamula chigawocho Wilhelm IV adakhazikitsa lamulo lakuti mu mowa muzilowa zinthu zitatu zokha: madzi, balere ndi hops. Lamulo lomwelo lidaikanso mitengo, ndipo wophwanya ankalandidwa migolo yake. Lidathandizanso kuti tirigu asathere m'mowa anthu n'kusowa buledi. Mu 1553 kudabwera lamulo lina loletsa kufulula m'miyezi yotentha, kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka kumapeto kwa Sepitembala, chifukwa adaona kuti mowa wa nyengo imeneyo unkaonongeka. Anthu amenewa sankadziwa n'komwe za tizilombo tosaoneka ndi maso. Adangoyang'anitsitsa, kulawa, ndi kulemba.

Mwambo umenewo ndiwo udabala oweruza mowa a masiku ano. Pampikisano wa World Beer Cup, umene udayamba mu 1996 ku United States, woweruza amapatsidwa kakapu kopanda dzina, kali ndi nambala yokha. Amaona mtundu ndi thovu, amanunkhiza, amalawa, amamva kulemera kwake m'kamwa, n'kulemba zonse asanakambirane ndi anzake. Saweruza potengera zimene mtima wake umakonda, koma poyerekeza ndi zimene mowa wa mtundu umenewo uyenera kukhala. M'mpikisano umenewu Barock Dunkel udatenga mendulo ya golide mu 2004, mu 2008 ndi mu 2012. Mnyamata wa ku Mulanje atafuna mphatso yoyenera atsibweni ake, adasankha botolo limeneli chifukwa dzina lake lidali ndi mboni.

Dzina lotere limadyetsa anthu. Ku Andechs, nyumba ina ya amonke imene ili paphiri kum'mwera chakumadzulo kwa Munich, Abenedikito adayamba kukhalako mu 1455. Mowa wawo wakuda wa Doppelbock Dunkel, wa 7.1 peresenti, umagulitsidwa m'mayiko ambiri, ndipo phindu lake limasamalira nyumbayo pamodzi ndi inzake ya St. Bonifaz mumzinda wa Munich, kumene anthu osowa pokhala amalandira chakudya, zovala ndi chithandizo cha mankhwala.

Tsono munthu asaganize kuti luso lolawa ndi la Azungu okha. Mulanje wakhala akulima tiyi kuyambira mu 1891, pamene Henry Brown adamubzala m'munsi mwa phirili, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kulima tiyi wogulitsa. M'fakitale iliyonse ya tiyi, kaya ku Lujeri, ku Lauderdale kapena ku Ruo, muli chipinda chowala bwino chokhala ndi tebulo lalitali. Pamenepo pamandandalikidwa makapu oyera okhala ndi zivindikiro. Wolawa amayeza masamba pasikelo, amathira madzi owira, amadikira mphindi zake zenizeni, n'kutsanulira m'timbale. Amayamba waona masamba ouma, kenaka onyowa, kenaka mtundu wa madziwo. Akatero amatunga ndi supuni, amakoka mwamphamvu mpaka kumveka phokoso kuti tiyi amwazike m'kamwa monse, n'kulavulira m'chitini. Mwa kamphindi kameneko amadziwa ngati masamba adafota mokwanira, ngati moto wa choumitsira udapitirira, ngati otchola adapyola masamba awiri ndi kansonga. Ku Mimosa, kumene kuli bungwe la kafukufuku wa tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, mtundu watsopano wa tiyi sutuluka usanadutse pa lilime la olawa. Kumsika wa tiyi ku Limbe, mtengo umakwera kapena kutsika potsatira mawu a anthu otere.

Boma limene lili ndi akatswiri otere, otha kusiyanitsa tiyi wa m'mawa ndi wa masana pa munda umodzi womwewo, silinaikepo tebulo loti mbiya ziwiri za mowa wamasese ziyerekezedwe mwachilungamo.

Komatu ntchito ya mbiyayo si yamasewera. Imayamba masiku ambiri mowa usanafike pamoto, pamene mayi aviika mawere, mapira kapena chimanga, n'kuzifunditsa kuti zimere. Ayenera kudziwa tsiku lovundukula. Akafulumira, chimera chimakhala chopanda mphamvu. Akachedwa, chimachita chuku. Amachiyanika mpaka chiume gwa, n'kukachigayitsa. Tsiku lofulula amadzuka nkhuku zisanalire, amatereka mgolo, amaphika phala, amalivundula ndi mthiko wautali utsi uli m'maso. Phalalo likazizira kufika poti chala chikhoza kupirira, amathira chimera. Alibe chida choyezera kutentha, chala chakecho ndicho chida. Mawa lake amaphikanso, ndipo pamenepa ana amapatsidwa thobwa lawo lozuna. Chotsalacho amachithira chimera china n'kuchisiya kuti chiwire chokha. Usiku amadzuka kukamvetsera mmene mbiya ikulirira, chifukwa phokoso la thovu limamuuza ngati mowa upsa pa tsiku limene adalonjeza anthu. Nkhuni, ufa, chigayo ndi thukuta la sabata yathunthu zili m'mbiya imeneyo, ndipo akaphonya pamodzi pokha zonse zalowa m'madzi.

Mawu oweruzira alipo kale pakamwa pa anthu. Womwa wodziwa amanena kuti mowa wapsa, wasasa, wagona, ngwamadzi, ngwolemera, sunasefedwe bwino, kapena kuti ukumveka utsi. Wogula amayamba wapempha kolawa asanatulutse ndalama. Pamwambo, mwini mowa ndiye amayamba kumwa chipanda choyamba pamaso pa onse, kuti aliyense aone kuti mulibe choipa. Pa dima, pa ukwati, pa chikumbutso cha malemu, mbiri ya wofulula imayenda mudzi ndi mudzi. Vuto ndi lakuti zonsezi zimathera pamlomo. Mayi waluso akamwalira, muyezo wake wa chimera umapita naye kumanda.

Mphamvu ya kulemba ikuoneka bwino m'dzina limene aliyense amalidziwa, la Chibuku. Mbiri yake imati m'zaka za m'ma 1950, ku migodi ya kopa m'dziko limene lero ndi Zambia, Max Heinrich, amene adaphunzira zofulula mowa ku Berlin, adayamba kupanga mowa wamasese wa m'fakitale. Adali ndi chizolowezi cholemba m'buku ndemanga za omwa ndi kusintha kulikonse kumene wachita pofulula, mpaka anthu adautcha mowawo wa chibuku. Nzeru ya mowawo idali ya amayi a kuno ku Africa. Iye adangobwera ndi buku ndi sikelo, ndipo lero mapaketi ake ali m'misika ya Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi mayiko ena, pamene eni nzeruwo akugulitsabe kuseri kwa nyumba.

Anansi a tsidya la Muloza nawonso adaonetsa kuti za kumudzi zikhoza kulowa m'botolo ndi ulemu. Mu 2011 kampani ya Cervejas de Moçambique idayamba kupanga mowa wa Impala ku Nampula pogwiritsa ntchito chinangwa cha alimi wamba, mbewu imene ku Mulanje ili paliponse. Amene amaoloka kupita ku Milange amaudziwanso Laurentina Preta, mowa wakuda wa fuko limodzi ndi wa ku Weltenburg uja. Kuno, fakitale ya Carlsberg imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, idaphunzitsa anthu kusiyanitsa Green, Brown ndi Stout, ndipo kuyambira mu 2016 ili m'manja mwa Castel. Omwa a ku Malawi amadziwa kusankha. Amangosowa chowatsogolera akafika pa mbiya ya m'mudzi.

Pali owerenga amene afika pano mtima ukuwawa, ndipo ali ndi chifukwa. Mayi amene mwamuna wake amalandira malipiro a pa esiteti Lachisanu n'kufika pakhomo Lamulungu m'thumba muli mbee safuna kumva za fungo la nkhoko. Mphunzitsi amene adaona ana a sukulu akubisa timasacheti m'masokosi, namwino amene amasoka mabala a ndewu za kumowa, m'busa amene waika m'manda achinyamata a mumpingo mwake, onsewa akhoza kufunsa ngati Mulanje akusowadi mpikisano wa mowa. Nkhawa yawo ndi yoona. Nkhani ino sikuitana munthu aliyense amene samwa kuti ayambe, ndipo mwana wosafika zaka 18 alibe malo pamene pali mowa.

Koma kulawa ndi kupapira ndi zinthu ziwiri zodana. Wolawa amafuna pang'ono, amafuna nthawi, ndipo amafuna kuti mutu wake ukhale bwino kuti amve zimene zili m'kamwa. Wopapira amafuna chotchipa chimene chimugwetse msanga. Msika umene umalemekeza mphamvu yokha ndiwo udabala masacheti, amene boma lidalimbana nawo mpaka m'makhoti lisanawathetse, ndipo ndiwo ukukankhira ofulula ena kuthira zachilendo kuti mowa ulume. Amonke aja nawonso ankalidziwa vutoli. Malamulo amene Benedikito Woyera adalembera amonke ake zaka pafupifupi 1,500 zapitazo adaika muyezo wochepa wa vinyo pa tsiku, nachenjeza kuti munthu asamwe mpaka kukhuta. Mowa wabwino ndi muyezo zidakulira m'nyumba imodzi. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza mowa, imene idakhazikitsidwa mu 2017, ikufuna kuchepetsa mavuto obwera ndi mowa, ndipo singafike patali ngati mowa umene anthu ambiri a kumudzi amamwa ukhalabe kumdima kumene palibe amene amauyang'ana.

Mtengo wa mdima umenewo udaoneka ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015. Anthu ochokera kumaliro adamwa pombe, mowa wamasese wa kumeneko, ndipo 75 adamwalira, kuphatikizapo mayi amene adaufulula. Ena oposa zana adagonekedwa m'chipatala. Mphekesera idawanda kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo anthu adalozana zala. Patapita miyezi, akatswiri a m'malabotale adapeza kuti chidapha anthu ndi poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo timene tidamera mu ufa wa chimanga umene udanyowa ndi madzi osefukira. Padalibe mfiti. Padali ufa woonongeka umene munthu adauona kuti ngwosayenera nsima koma ngwoyenera mowa.

Ku Mulanje, kumene mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, ndiponso kumene namondwe Freddy adamiza nkhokwe ndi matumba a chimanga mu Malichi 2023, nkhani ya ku Chitima ndi ya pakhomo. Chizolowezi chosankhira mowa chimanga chofumbwa ndi chowola chilipo m'midzi yambiri. Kafukufuku amene Limbikani Matumba ndi anzake adatulutsa mu 2011 adapeza poizoni wa chuku, amene amaononga chiwindi, m'chimera cha mapira ndi mu mowa wamasese wa m'chigawo cha kum'mwera. Mu Epulo 2024 anthu angapo adamwalira ku Blantyre atamwa mowa umene omwa okha adautcha Ambuye Ntengeni. Apa mpofunika kunena mosabisa kuti lilime, ngakhale la katswiri, lili ndi malire. Poizoni wa ku Chitima alibe fungo ndipo samveka m'kamwa. Ndiye chifukwa chake tebulo la olawa liyenera kuyendera limodzi ndi labotale, monga mmene zilili ku Germany ndi m'mafakitale a tiyi omwe.

Chimene chingachitike ndi chapafupi. Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala anthu zikwizikwi amasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kumene mowa wa otheka umamwedwa pamodzi ndi zakudya za makolo monga kalongonda. Pamwambo umenewu, kapena pa chionetsero cha zaulimi pa Boma, pakhoza kuikidwa tebulo limodzi lalitali. Ofulula ochokera m'madera a mafumu onse abwere ndi mbiya zawo m'magulu atatu: otheka, masese ndi thobwa. Gulu la thobwa ndi lofunika, kuti amayi a mvano ndi ena onse osakhudza mowa akhale ndi malo awo, popeza luso la chimera ndi limodzi. Mbiya iliyonse ipatsidwe nambala, dzina libisike. Oweruza akhale amayi achikulire odziwika pofulula, olawa tiyi awiri kapena atatu, ndi wa zaumoyo. Aone mtundu, anunkhize, alawe pang'ono, alembe za kusasa, kulemera, kasefedwe ndi ukhondo wa ziwiya, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe. Mbiya isafike patebulo chimera chake ndi ufa wake zisanayezedwe. Opambana alandire chikalata choti akapachike pamalo awo ogulitsira, ndipo olephera auzidwe mwaulemu pamene padalakwika.

Anthu ogwira ntchitoyi alipo kale. Khonsolo ndiyo imapereka ziphaso zogulitsira mowa, choncho ikhoza kuchepetsa msonkho kwa wofulula amene walola kuyezedwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi malabotale ku Blantyre, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa msewu wodutsa ku Thyolo kapena wa ku Chiradzulu. Sukulu yaukachenjede ya MUST ili pa Ndata m'boma loyandikana nalo la Thyolo, ndipo ophunzira ake pamodzi ndi a ku LUANAR angapeze m'mbiya zimenezi kafukufuku wa phindu lenileni. Alangizi a zaumoyo amayenda kale m'midzi kuyang'ana zitsime ndi zimbudzi. Kuwaphunzitsa kuzindikira chimera cha chuku si ntchito ya chaka. Buku la zotsatira likasungidwa pa Boma chaka ndi chaka, patapita zaka khumi Mulanje adzakhala ndi chuma chimene boma lina lililonse lilibe: miyezo ndi njira za ofulula ake abwino koposa, zolembedwa ndi mayina awo.

Msika nawo ukubwera wokha. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira. Alendo amene amatsika ku Sapitwa kapena ku Chambe n'kufika pa Likhubula ali ndi ludzu, ambiri a iwo ochokera kumayiko kumene mudzi uliwonse umanyadira mowa wake, amafunsa kuti chakumwa cha kuno n'chiti. Wowaperekeza amawalozera botolo la m'fakitale chifukwa sangaike moyo wa mlendo pa mbiya imene sakuidziwa. Chikalata chopachikidwa pakhoma chingamupatse mtima woloza khomo la mayi wa m'mudzi mwake, ndipo ndalama ya mlendoyo ingagone m'mudzimo.

Kachasu ndi nkhani ina, yolemera kwambiri, ndipo sayenera kufika patebulo limeneli. Mowa wotcheza uli ndi mphamvu yoposa wamasese kangapo, ndipo zoipa zake sizigwidwa ndi lilime. Koma mayi amene amatcheza kachasu nthawi zambiri amatero chifukwa saonongeka msanga ndipo amabweretsa ndalama msanga. Akaona mnzake wa masese kapena wa thobwa akugulitsa pa mtengo wabwino chifukwa cha dzina, ali ndi pothawira pamene lero palibe.

Pakhonde paja, botolo litatha, atsibweni adatuma mdzukulu kuti akapemphe kwa mlongo wawo kolawa ka mowa umene udapsa m'mawa womwewo. Udabwera m'chipanda. Adatsukanso matambula aja, nagawa mofanana ngati poyamba. Adaukweza kuloza kowala, ngakhale kuwala sikudutsa mu mowa wamasese, adanunkhiza kawiri, nausunga m'kamwa. Adati kusasa kwake kuli pamalo pake, mawere akumveka bwino, koma pali kautsi kochokera ku nkhuni zaziwisi za nyengo ya chiperoni. Mnyamata wa ku Regensburg adatulutsa kope m'chikwama, adalemba tsiku, adalemba dzina la amayi ake pamwamba pa tsamba, ndipo adapita kukawafunsa kuti pa mgolo umodzi amathira mbale zingati za chimera.